Bwalo Limodzi, Matimu Awiri: Mbiri ya Rickwood Field

Mzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama kummwera kwa dziko la America, unabadwa mu 1871 chifukwa cha chuma chimene chinali pansi pa nthaka yake. Miyala ya chitsulo, malasha ndi miyala ya laimu, zinthu zitatu zofunika posungunula chitsulo, zinkapezeka moyandikana m'dera limenelo, ndipo pamalo pamene njanji ziwiri zinadutsana panamera tauni. Eni chuma anaitcha dzina la mzinda wa mafakitale wa ku England, ndipo posakhalitsa utsi wa ng'anjo unali tolotolo usana ndi usiku. Ntchito yowawa kwambiri, ya pansi pa mgodi ndi ya pakamwa pa ng'anjo, inkagwa pamapewa a anthu akuda, ana ndi zidzukulu za akapolo amene anamasulidwa mu 1865. Ena mwa iwo anali akaidi amene boma linkabwereketsa ku makampani ngati makasu. Mu April 1911 mgodi wa Banner utaphulika munafa anthu 128, ambiri a iwo akaidi akuda, koma Alabama anapitiriza mchitidwewu mpaka 1928.

Ndalama za chitsulozo ndi zimene zinamanga bwalo la Rickwood Field, lomwe lero ndi lakale kwambiri mwa mabwalo onse a baseball ya akatswiri amene akadaima ku America. Limaposa Fenway Park wa ku Boston, amene anatsegulidwa mu 1912, ndi Wrigley Field wa ku Chicago wa mu 1914. Mwini wake anali Rick Woodward, mwana wa banja la eni Woodward Iron Company, munthu amene mtima wake unali ku masewero kuposa ku ofesi. Atagula timu ya mumzindamo, Birmingham Barons, anaona kuti bwalo lamatabwa limene timuyo inkasewerera silinali loyenera mzinda wodzitama ndi chitsulo. Anatengera mamangidwe a mabwalo awiri atsopano a nthawi imeneyo, Shibe Park wa ku Philadelphia ndi Forbes Field wa ku Pittsburgh, ndipo anamanga lake ndi simenti ndi zitsulo pamtengo wa madola pafupifupi 75,000. Tsiku lotsegulira, pa 18 August 1910, masitolo ambiri anatseka msanga kuti antchito akaonere, anthu oposa 10,000 anadzaza bwalo, ndipo Barons inagonjetsa timu ya ku Montgomery 3 kwa 2.

Kwa amene sanaonerepo baseball: mbali iliyonse imakhala ndi osewera 9. Woponya amatumiza kampira kolimba mwamphamvu, wa timu inayo n'kuyesa kukamenya ndi chibonga, ndipo akakamenya amathamanga kudutsa malo anayi oimapo otchedwa mabesi. Akazungulira n'kufikanso pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli. Anthu atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, omenya n'kukhala ogwira. Palibe wotchi yothetsa masewero; kawirikawiri amatha pamene mbali iliyonse yamenya maulendo 9. N'chifukwa chake anthu a ku America amautenga ngati mwambo wa masana aatali a m'chilimwe, wokhala pansi n'kumacheza.

Barons sinali m'ligi yaikulu. Inkasewera mu Southern Association, ligi ya mizinda ya kummwera monga Atlanta, Memphis, Nashville ndi New Orleans, ndipo inali ya azungu okhaokha, monga mmene zinalili m'maligi onse ovomerezeka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Panalibe lamulo lolembedwa m'mabuku a baseball loletsa munthu wakuda. Eni matimu anangogwirizana pakamwa, ndipo mgwirizanowo unalimba kuposa malamulo ambiri olembedwa. Komabe matimu akuluakulu a kumpoto ankaima ku Birmingham akamachokera kokonzekera nyengo yatsopano, choncho anthu a mumzindamo anaona ndi maso awo Ty Cobb ndi Babe Ruth. Tsiku limene azungu a ku Birmingham sanaliiwale ndi la mu September 1931, pamene Dizzy Dean, mnyamata wa zaka 21 wa timu ya Houston, anabwera atalonjeza poyera kuti apambana. Anakumana ndi Ray Caldwell, bambo wa zaka 43 amene ambiri ankati mkono wake unatha kalekale. Pamaso pa anthu oposa 20,000 mkuluyo anapambana 1 kwa 0.

Koma mbiri imene ikukokera alendo ku Rickwood masiku ano ndi ya timu inayo, ya alendi.

Mu 1920, chaka chimene Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda ku Kansas City n'kuyambitsa Negro National League, ku Birmingham kunabadwa timu imene inadzadziwika ndi dzina loti Black Barons. Inalibe bwalo lakelake, choncho inkachita lendi Rickwood masiku amene Barons yapita koyenda. Woodward sanachite zimenezi chifukwa cha chifundo. Bwalo lopanda anthu silibweretsa ndalama, ndipo anthu akuda a ku Birmingham, ngakhale ankalandira malipiro ochepa, anali ambiri ndipo ankakonda masewerowa. Kakhalidwe ka m'bwalomo kankatsata khungu. Barons ikamasewera, anthu akuda ankawaika kumabenchi a kumapeto, mbali ya kumanja, olekanitsidwa ndi ena onse. Black Barons ikamasewera zinkatembenuka: anthu akuda ankadzaza mipando ya pansi pa denga, ndipo azungu ofuna kuonera ndi amene ankapita kumabenchi kuja. Osewera akudawo sankaloledwa kulowa m'chipinda chosinthiramo zovala cha Barons, ngakhale anali atalipira bwalo.

Lamulungu ndilo linali tsiku lalikulu. Anthu ankachokera kutchalitchi molunjika kubwalo, amayi ali m'zipewa ndi madiresi a Sabata, abambo ali m'masuti, ndipo akuluakulu amene anaona masiku amenewo amasimba kuti abusa ena ankafupikitsa ulaliki kuti nkhosa zawo zisachedwe. Mumzinda umene munthu wakuda ankalowera khomo lakumbuyo pafupifupi paliponse, panali masana amodzi pamene anthu zikwizikwi ankakhala pamipando yabwino n'kumachemerera ana awo mokweza mmene angathere. Masiku ena khamu la Black Barons linkaposa la eni bwalo.

Gwero la osewera linali mafakitale omwe aja. Makampani monga American Cast Iron Pipe Company, Stockham ndi Tennessee Coal, Iron and Railroad Company anali ndi matimu a antchito awo, a azungu paokha ndi a anthu akuda paokha, ndipo mnyamata wodziwa kumenya mpira ankatha kupeza ntchito yopepukirako chifukwa cha luso lakelo. Amene amadziwa mmene migodi ya ku Copperbelt inalerera matimu a mpira wamiyendo monga Mufulira Wanderers ndi Roan United sangadabwe ndi dongosolo limeneli. Ligi ya mafakitale ya ku Birmingham inali yolimba moti osewera ambiri ankachoka kumeneko n'kulowa mu Black Barons popanda kupunthwa.

Mayina akuluakulu anadutsamo. Mule Suttles, amene ali m'gulu la anthu omenya mpira patali kwambiri m'mbiri ya maligi a anthu akuda, anakulira m'dera la migodi la Alabama ndipo anatchukira ku Rickwood. Satchel Paige anaponyera Black Barons kuyambira 1927 mpaka 1930, ali mnyamata wamtali, woonda, wa mpira wothamanga ngati mphezi. Ankakoka anthu kwambiri moti eni timu ankamubwereketsa ku matimu ena kuti agawane ndalama za pakhomo. Paige anadzalowa m'ligi yaikulu mu 1948 ali ndi zaka 42, nthawi imene anzake amakhala atapuma kalekale, ndipo anathandizabe Cleveland kutenga chikho chaka chomwecho. Funso la zimene akanachita akanaloledwa ali ndi zaka 22 lilibe yankho, ndipo amene anatseka khomo sanafunsidwepo mlandu.

Zaka za m'ma 1930 zinali zowawa kwa onse. Chuma cha America chitagwa, ng'anjo zambiri zinazima, Black Barons inkangoti kuoneka n'kuzimiririka, ndipo ngakhale Woodward anaika magetsi mu 1936 kuti masewero azichitika usiku anthu ataweruka, mu 1938 anagulitsa timu yake. Black Barons inadzukanso pamene Tom Hayes, munthu wakuda wa bizinesi yoika maliro ku Memphis, anaigula mu 1940. Inapambana Negro American League mu 1943, 1944 ndi 1948, ndipo maulendo atatu onsewo inakagwa pa ndime yomaliza m'manja mwa timu imodzimodzi, Homestead Grays.

Timu ya mu 1948 ndi imene imakumbukiridwa kwambiri. Mphunzitsi wake, amenenso ankasewera, anali Piper Davis, wochokera kumudzi wa mgodi wa malasha, amene anakulira m'ligi ya mafakitale. Chaka chimenecho Davis anatenga mnyamata wa zaka 17 wa pasukulu ya Fairfield Industrial High School, mwana wa Cat Mays, amenenso anali wosewera wodziwika m'matimu a makampani. Dzina la mnyamatayo linali Willie Mays. Popeza anali akadali pasukulu, nthawi ya maphunziro ankangosewera timu ikakhala pakhomo. Kumenya kwake kunali kusanakhwime, koma kuthamangira mpira ndi kuuponya kuchokera kutali zinali kale za munthu wamkulu, ndipo Davis anamuika pakati pa bwalo, malo ofuna miyendo ndi maso kuposa ena onse. Mays anakhala akunena moyo wake wonse kuti Davis ndi amene anamuphunzitsa masewerowa. M'timu yomweyo munali Artie Wilson, katswiri womenya, ndi woponya Bill Greason, amene anamenya nawo nkhondo pachilumba cha Iwo Jima.

Masewero otsiriza a mpikisano wa chaka chimenecho anachitikira pa Rickwood kumayambiriro kwa October 1948, ndipo Grays inatenga chikho itapambana masewero 4 mwa 5. Palibe amene anadziwa kuti umenewo unali mpikisano womaliza wa mtundu wake. Chaka chapitacho, pa 15 April 1947, Jackie Robinson anali atavala yunifomu ya Brooklyn Dodgers, ndipo khoma la tsankho m'ligi yaikulu linali litang'aluka. Chinali chipambano chenicheni, koma chinabwera ndi mtengo umene anthu sakonda kuutchula. Matimu a azungu anayamba kutola osewera abwino mmodzimmodzi, kawirikawiri pamtengo wozizira ndipo nthawi zina osalipira kalikonse. Sanatenge eni matimu, aphunzitsi, oimbira masewero kapena alembi. Nyuzipepala za anthu akuda ndi ochemerera anatembenukira kwa Robinson ndi anzake, mabwalo anayamba kuchepa anthu, ndipo Negro National League yachiwiri inatha kumapeto kwa 1948. Imodzi mwa bizinesi zazikulu zimene anthu akuda a ku America anadzimangira okha inafota m'zaka zochepa.

Mays anasaina ndi New York Giants mu 1950. Chodabwitsa n'chakuti Boston Red Sox ndiyo inali ndi mwayi woyamba, chifukwa Barons ya azungu inali timu yake yolerera osewera ndipo mnyamatayo ankasewera pabwalo lomwelo. Inamulekerera, ndipo inadzakhala timu yomaliza m'ligi yaikulu kuseweretsa munthu wakuda, mu 1959. Red Sox inamutenga Piper Davis mu 1950, n'kumutumiza kutimu yake yaing'ono ku Scranton, kenaka n'kumuchotsa patangopita milungu yochepa ngakhale ankamenya bwino. Sanafikeko kuligi yaikulu. Black Barons inapitiriza kukwawa, ikuyendayenda m'matauni ang'onoang'ono pabasi, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mmodzi mwa amene anaisewerera m'zaka zamavutozo ndi Charley Pride, amene pambuyo pake anatchuka monga woimba nyimbo za country; iye ankakonda kusimba kuti timu yake yakale inamugulitsa ku Birmingham pamodzi ndi mnzake kuti ipeze ndalama zogulira basi.

Pamene kumpoto makomo ankatseguka, Birmingham ankawonjezera maloko. Mzindawu unali kale ndi lamulo loletsa mzungu ndi munthu wakuda kusewera limodzi makadi, madomino kapena drafuti, ndipo mu 1950 anawonjezerapo baseball, basketball ndi masewero ena. Woyang'anira apolisi pa nthawiyo anali Bull Connor, ndipo apa mbiri ya bwaloli ikukumana ndi mbiri ya dziko lonse. Connor anatchuka chifukwa cha Barons. Anali wodziwa ntchito ya telegalafu, ndipo ankaulutsa masewero a timuyo pawailesi: ankalandira uthenga wachidule pawaya n'kumaufotokoza ngati akuona ndi maso. Mawu ake analowa m'nyumba zambiri, ndipo kutchukako n'kumene kunamupezetsa mavoti, poyamba kunyumba ya malamulo ya Alabama mu 1934, kenaka kukhonsolo ya mzinda mu 1937. Ndi munthu yemweyu amene mu May 1963 analamula kuti ana asukulu ochita zionetsero awathire madzi a mapaipi ozimira moto ndi kuwakhwirizira agalu, zithunzi zake n'kuzungulira dziko lonse lapansi. Pa 15 September chaka chomwecho bomba linapha atsikana anayi m'tchalitchi cha 16th Street Baptist.

M'zaka ziwiri zimenezo, 1962 ndi 1963, Barons kunalibe. Southern Association inakakamira tsankho mpaka imfa: m'mbiri yake yonse munthu wakuda mmodzi yekha, Nat Peeples, ndi amene anaseweramo, masewero awiri okha mu 1954. Matimu akuluakulu sakanapitiriza kutumiza achinyamata awo kuligi yokana ena mwa iwo, anthu akuda anasiya kulipira pakhomo, wailesi yakanema inasunga ena kunyumba, ndipo ligiyo inatha kumapeto kwa 1961. Timu imene mu 1948 inaonereredwa ndi anthu oposa 440,000 inasanduka dzina chabe.

Baseball inabwerera mu 1964, m'ligi yatsopano ya Southern League, ndi timu yosakaniza mitundu kwa nthawi yoyamba. Inali yolerera osewera a Kansas City Athletics, timu ya Charlie Finley, amenenso anabadwira m'dera la Birmingham. Munali achinyamata akuda monga Blue Moon Odom ndi Tommie Reynolds, komanso Bert Campaneris wa ku Cuba, ndipo oonerera ankakhala paliponse pamene afuna. Chaka chomwecho oyang'anira bwalo anagula mipando yamatabwa 1,000 kuchokera ku Polo Grounds, bwalo la ku New York limene linkagwetsedwa, komwe Mays anagwirira mpira wake wotchuka wa mu 1954 akuthamanga chofulatira. Mu 1967 timuyo, itasintha dzina kukhala Birmingham A's, inali ndi Reggie Jackson, Rollie Fingers ndi Joe Rudi, amene anadzatenga zikho zitatu zotsatizana ku Oakland kuyambira 1972 mpaka 1974. Lamulo linali litasintha, koma mitima inali isanasinthe, ndipo Jackson anasunga zimene anaona kumeneko kwa zaka zoposa 50.

Zotsatira zake n'zachidule. A's inachoka itatha nyengo ya 1975, dzina la Barons linabwerera mu 1981, ndipo itatha nyengo ya 1987 timuyo inasamukira kubwalo latsopano ku Hoover, dera la kunja kwa mzinda kumene mabanja opeza bwino anali atasamukira. Kumeneko, osati ku Rickwood, n'kumene Michael Jordan anasewerera Barons mu 1994 atapumira basketball. Mabwalo ena otchuka a msinkhu wa Rickwood, monga Ebbets Field, Forbes Field ndi Shibe Park, onse anagwetsedwa. Ndikuona kuti Rickwood anapulumuka makamaka chifukwa anali m'dera losauka, la kumadzulo kwa mzinda, kumene panalibe wachuma amene ankasirira malowo. Bwalolo linali m'manja mwa mzinda, ana asukulu ankasewerapo, denga linkadontha, ndipo linkangodikira tsiku lake. Mu 1992 anthu ena okonda mbiri anapanga gulu la Friends of Rickwood n'kuyamba kulikonza pang'onopang'ono, kubwezeretsa bolodi yolembapo zigoli pamanja ndi zikwangwani zamalonda zamakedzana. Opanga mafilimu anapezerapo malo ooneka ngati akale, ndipo mbali zina za Cobb wa mu 1994 ndi 42 wa mu 2013, wonena za Jackie Robinson, zinajambulidwa pamenepo. Kuyambira 1996 Barons inayamba mwambo wobwerera kukasewera kamodzi pachaka itavala mayunifomu akale.

Ulemu waukulu unabwera mu June 2024, pamene Major League Baseball inakonza zoti matimu awiri a ligi yaikulu akasewere pa Rickwood pokumbukira maligi a anthu akuda, makamaka Willie Mays. Mays, ali ndi zaka 93, anatumiza uthenga woti thanzi silimulola kuyenda. Anamwalira pa 18 June, kutatsala masiku awiri, ndipo nkhaniyo inalengezedwa kwa anthu amene anali m'bwalomo akuonera Barons. Pa 20 June St. Louis Cardinals inagonjetsa San Francisco Giants 6 kwa 5. Oimbira masewero onse anali anthu akuda, koyamba m'mbiri ya American League ndi National League, mbali ziwiri za ligi yaikulu. Mpira wotsegulira mwambo unaponyedwa ndi Bill Greason, ali ndi zaka 99, amene atasiya masewero anakhala mbusa mumzinda womwewo kwa zaka zambiri.

Okonza mwambowo ankafuna chikondwerero, koma Reggie Jackson atafunsidwa pawailesi yakanema mmene akumvera pobwerera, sanakometse mawu. Anafotokoza za malesitilanti ndi mahotela amene ankamuloza chala n'kumukaniza kulowa, za mphunzitsi wake John McNamara amene ankati ngati Jackson sadya ndiye kuti timu yonse sidya, ndi za masiku amene ankagona pampando kunyumba kwa Joe Rudi mpaka anthu ena anaopseza kuti atentha nyumbayo. Ananena kuti sangafunire munthu aliyense zimene iye anadutsamo. M'maganizo mwanga mphindi zochepa zimenezo zinachita chilungamo ku bwaloli kuposa mayunifomu akale ndi zithunzi zonse za tsikulo, chifukwa n'zosavuta kusandutsa Rickwood malo okoma a chikumbutso n'kuiwala amene ankasinthira zovala kunja.

Patsala nkhani ya mabuku. Mu December 2020 Major League Baseball inavomereza kuti maligi 7 a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi aakulu, ndipo mu May 2024 ziwerengero za osewera ake zinalowetsedwa m'kaundula. Ntchitoyo inatheka chifukwa cha ofufuza amene kwa zaka zambiri ankafukula zotsatira za masewero m'nyuzipepala zakale, makamaka za anthu akuda. Josh Gibson wa Homestead Grays, amene anamwalira mu January 1947, miyezi itatu Robinson asanalowe ku Brooklyn, anadumpha Ty Cobb n'kukhala pamwamba pa omenya onse. Mays anamuwonjezera maulendo 10 amene anamenya mpira n'kufika pabesi ali ku Black Barons mu 1948, ndipo chiwerengero chake chinachoka pa 3,283 kufika pa 3,293. Zimene anachita pa Rickwood mu 1949 ndi 1950 sizinalowemo, chifukwa mzere anaudula pa 1948.